Zala za Lucjan

Tinatsika pa siteji yolakwika,
ndiye tinayenda wapansi m'chisanu cha ku Kraków,
Lucjan atakoleka dzanja m'chigongono changa,
ndodo yake yoyera ikugogoda msewu
ngati ikufunsa njira kwa miyala.

Mayi wa pakhomo anayang'ana ndodo ija
nadula tikiti imodzi yokha.
Mlongo wanga analipira awiri.
"Ndabwera kudzaona," anatero, osamwetulira.

M'katimo munali fungo la oyilo wakale ndi fumbi lozizira.
Ndege zili ndandanda, mphuno kumwamba,
ngati ana amene mphunzitsi anawaimika pamzere
n'kuwaiwala.
Ndinayamba kuwerenga zikwangwani mokweza:
chaka, liwiro, kulemera kwake.
"Leka, Bogusia.
Ndiuze mtundu wa kumimba kwake."
"Kotuwa."
"Kutuwa kwa phulusa, kapena kwa mtambo wa mvula?"
Kukamwa kunangoti gwa.
Zaka makumi asanu ndi limodzi ndili ndi maso
koma funso limenelo linali lisanandipeze.

M'chipinda cha zakuthambo
chovala cha woyenda mumlengalenga chili chiimire m'galasi,
mwini wake mulibe, manja ali lende,
chisoti chikundibwezera nkhope yanga yopindika.
Ndinam'fotokozera za roketi, za mwezi wapulasitiki,
za chakudya chofinya ngati mankhwala otsukira mano.
Iye anapukusa mutu.
"Kumeneko munda sununkhira.
Aleke apite okha."

Kenaka kuseri, pakona imene nyale yake inapsa,
anaima.
Ndodo inaleka kufunsa.
"Ili pano."
Inalidi pomwepo: yachikasu, yamapiko awiri osanjikizana,
yonenepa ngati basi ya kumidzi,
mtundu womwe ankapopera nawo minda ya kachewere
chilimwe ndi chilimwe,
akuuluka motsika mpaka zipewa za alimi kuthawa m'mitu,
matenda a shuga asanam'zimitsire dzuwa.
Anaidziwa bwanji, musandifunse.

Pakati pa iye ndi ndegeyo panali chingwe chofiira
ndi mawu akuti Osakhudza.
Mlonda, kamnyamata kachimfine,
dzina pachifuwa Remigiusz,
anatiyang'ana nthawi yaitali.
Anamina.
Anakolola chingwe chija,
napita pawindo kukaona ngati kunja kukadagwa chipale.

Zala za Lucjan zinayenda pa phiko
msomali ndi msomali,
monga amawerengera kalata.
Zinapeza pobonyoka, zinapumira pomwepo.
"Mbalame iyi," anatero. "Kapena mwala. Ayi, mbalame."
Anaika tsaya pa chitsulo.
Ana asukulu amene ankathamangitsana kumbuyo kwathu
anangoti zii,
wina maswiti ali m'kamwa, osatafuna.

"Tsinzina," anandiuza.
Anagwira dzanja langa naliika pamenepo.
Poyamba kuzizira basi,
utoto wokakala, ndi manyazi anga.
Koma ndinamva kanthu kakunjenjemera pansi pa chikhatho,
pang'ono, ngati mphaka wogona.
Ndikudziwa, inali sitima ikudutsa kunja,
kapena mapaipi otenthetsa nyumba.
Ndikudziwa.
Koma sindinaphenye.
Ndinaona mizere yobiriwira ikupendekeka,
tchalitchi chaching'ono ngati bokosi la machesi,
ndi ine ndemwe, kale,
nditaima pakhonde ndi mbale yosatsuka,
ndikukwiyira phokoso.

"Titseka pakapita mphindi khumi,"
anatero Remigiusz, akulankhula ndi windo.

Pobwerera tinakhala mpando wakumbuyo.
Zala zake zinali bii ndi fumbi.
Ndinatulutsa kansalu m'thumba,
iye anafumbata dzanja, nalibisa m'jekete.
Tinadutsa mlatho, tinadutsa msika wotseka.
Pafupi ndi kwathu anafunsa,
"Kumwamba kuli bwanji lero?"
Ndinapukuta nthunzi pagalasi ndi mkono.
Ndinayang'ana mpaka siteji yathu inatipitirira.
"Phulusa," ndinatero,
"koma chakumadzulo
kwang'ambika pang'ono."